Tsiku limodzi ku Florence likwana, bola musachite dyera

Achemwali, mwafunsa ngati mungachoke ku Rome m'mawa, kukaona Florence n'kubwerako tsiku lomwelo. N'zotheka, ine ndinachitapo. Sitima yothamanga, Frecciarossa kapena Italo, imanyamuka pa Roma Termini n'kukakutulani pa Santa Maria Novella, siteshoni ya ku Florence, pakatha ola limodzi ndi theka. Tikiti muguliretu pa intaneti, yogula tsiku lomwelo imawawa m'thumba. Lolemba lokha mulipewe, chifukwa Uffizi ndi Accademia, nyumba zoonetseramo zithunzi ndi ziboliboli, amatseka.

Pa nyumba ziwirizi musankhepo imodzi. Ine ndinachita dyera n'kulowa monse, ndipo pofika masana ndinkangoyang'ana pokhala, zithunzi zitasiya kundilowa m'maso. Ndikanati ndibwererenso, ndikanangolowa mu Accademia kukaona David, chiboliboli chomwe Michelangelo anamaliza kusema mu 1504. N'chachitali mamita oposa 5, ndipo mukachiyandikira mumaona ngakhale mitsempha ya padzanja. Chimene chaima panja, pa Piazza della Signoria, n'chongotengera, ngakhale alendo ambiri amajambulitsa pomwepo n'kumapita ali okhutira.

Denga lozungulira la Duomo, tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, lomwe mmisiri Brunelleschi anamaliza mu 1436, limakweredwa ndi miyendo basi: masitepe 463, mothina, ndipo nthawi yokwerera muyenera kusungitsiratu. Ngati mawondo amakuvutani, musadzizunze. Kulowa m'tchalitchimo n'kwaulere, koma mapewa ndi mawondo azikhala ofunda. Ponyani chitenje m'chikwama, chikakuombolani pakhomo.

Nkhomaliro mukadye cha kumsika wa Mercato Centrale. Mukafunse lampredotto, chifu cha ng'ombe chophika bwino choika m'banzi. Azungu ena amachita nacho tsinya, koma ife okulira zam'kati sitingachite chilendo. Mukakhala pansi mu lesitilanti, pa bilu amawonjezerapo kandalama kotchedwa coperto. Si kuba ayi, ndi mmene amachitira.

Dzuwa likapendeka muwoloke mtsinje wa Arno pa Ponte Vecchio, mlatho wa mu 1345 wokhala ndi timasitolo ta golide mbali zonse. Ndi wokhawo mumzindamo umene asilikali a Germany sanauphwasule mu 1944, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Golideyo mungomudyetsa maso. Mukatero mukwere chitunda mpaka pa Piazzale Michelangelo, pomwe mzinda wonse umaoneka pansi panu.

Kuchoka pamenepo kukafika kusiteshoni n'kataliko, ndipo tikiti ya sitima yothamanga imakhala ya nthawi yake ndi mpando wake. Ndiye yobwerera mugule ya usiku ndithu, kuti musatsike chitundacho mukuthamanga.