Mpando wachikopa wamabatani watha: mukonze nokha kapena mugule wina?

Funso loyamba lachokera kwa mayi wina amene walemba motere: "A Mlangizi, malemu bambo anga anandisiyira mpando wa sofa wachikopa wokhala anthu atatu, wa mtundu uja wokhala ndi mabatani olowa m'kati potsamira msana ndi m'mbali. Mabatani awiri anathothoka, poika manja pachita ming'alu ndipo mtundu wafwifwa, komanso pokhalira pang'ambika pang'ono. Mmisiri amene ndinamuitana akuti achotse chikopa chonse n'kukuta china, koma mtengo wake ukuyandikira wa mpando watsopano. Kodi ndingaukonze ndekha ndi ndalama zochepa, kapena ndingougulitsa?"

Mayi, mmisiriyo sanakudyereni masuku pamutu pa nkhani ya mtengo. Mipando ya mtundu umenewu, imene ambiri amaidziwa ndi dzina lakuti Chesterfield lochokera ku England, imadya chikopa chochuluka kuposa mipando yosalala chifukwa chikopacho chimalowa m'dzenje la batani lililonse n'kupindidwa makwinya, ndipo batani lililonselo limamangidwa ndi manja palokha. Ndiye kukuta mpando wonse n'kodula ndithu. Koma mavuto amene mwatchulawa, mwa kuona kwanga, safuna chikopa chatsopano. Amafuna kuti mudziwe kaye chimene muli nacho musanatulutse ndalama iliyonse, chifukwa anthu ambiri amene amataya ndalama pa ntchito imeneyi amazitaya pogula mankhwala okonzera mpando umene sukanatheka kukonzeka.

Yambani ndi kuona mtundu wa chikopacho. Tembenuzani mpandowo muyang'ane kunsi kwake, pamene chikopa chinadulidwa n'kukhomeredwa ku matabwa. Chikopa chenicheni kuseri kwake chimakhala chamanyunyu, cha tiubweya tofewa togwirana. Mukapeza kuti kuseriko kuli nsalu yolukidwa, ndipo pamwamba pakusupuka tizikamba topyapyala n'kusiya nsalu poyera, ndiye kuti chimenecho ndi chikopa chopanga, kaya cha pulasitiki kapena chija chotchedwa bonded leather, chimene amapanga posakaniza zinyenyeswa za chikopa ndi zomatira kenaka n'kuchikuta ndi mtundu wa pulasitiki wotchedwa polyurethane. Choterocho chikayamba kusupuka sichisiya, ndipo mukamata pano chimakayambira apo. Ndalama zanu musaziike pa utoto kapena zomatira ngati mpando wanu ndi wotero. Kuli bwino kuusokera nsalu yovundikira kapena kusunga ndalamazo kuti mudzaukutitse.

Ngati ndi chikopa chenicheni, dontheserani dontho limodzi la madzi pamalo obisika. Dontholo likaima pamwamba osalowa, chikopacho ndi chokutidwa ndi utoto woteteza, ndipo mtundu umenewu ndi umene umakonzeka mosavuta pakhomo. Likalowa msanga n'kudetsa pamalopo, chimenecho ndi chikopa cha aniline, chimene utoto wake unalowerera m'kati ndipo pamwamba palibe chotchinga. Chikopa chimenechi ndi chamtengo wapatali, sichichedwa kuchita mabanga, ndipo kuchipaka utoto wophimba kumachotsa maonekedwe amene anachipatsa mtengowo. Pa chikopa chotero mungamange mabatani ndi kumata pong'ambika, koma za utoto musiyire wodziwa.

Chachiwiri ndi felemu, kutanthauza matabwa a m'kati amene amagwira mpando wonse. Nyamulani mwendo umodzi wakutsogolo masentimita pafupifupi 15. Mwendo wina wakutsogolo uyenera kunyamuka nawo, ndipo ukatsala pansi ndiye kuti felemuyo yakhwefuka kapena yathyoka penapake. Kanganulani pang'ono nsalu yakuda ya kunsi muone ngati malamba ogwira masipuling'i akadali olimba, ngati zitsulo zachita dzimbiri, ndiponso ngati matabwa ali ndi timabowo totuluka ufa, chimene ndi chizindikiro cha tizilombo toboola matabwa. Molumikizira mokhwefuka mumakonzeka ndi guluu wa matabwa ndi tizidutswa ta thabwa tokhomera m'ngodya. Koma felemu yofumbwa imasintha chiwerengero chonse, chifukwa palibe phindu lokongoletsa chikopa pa matabwa amene sapirira kulemera kwa anthu atatu.

Zonse ziwirizi zikakhala bwino, ntchito iyambire pa kutsuka. M'maenje a mabatani ndi m'makwinya mumabisala fumbi, timchenga ndi nyenyeswa, ndipo zimenezi ndi zimene zimapala chikopa pang'onopang'ono munthu akamakhala ndi kudzuka. Zichotseni ndi burashi yofewa. Kenaka sungunulani sopo wochepa wosakhala waukali m'madzi ofunda, viikanimo nsalu yoyera, ifinyeni mpaka itangotsala ndi chinyezi, ndipo mupukute kachigawo kamodzi pa nthawi, n'kutsatiza nsalu youma. Poika manja ndi potsamira mutu mubwereze kangapo, pakuti pamenepo pamalowerera thukuta ndi mafuta a m'thupi, ndipo utoto sugwira pa mafuta. Mpandowo uumire pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa ndi moto ndi zimene zimaumitsa chikopa n'kuchichititsa ming'alu.

Pano ndikuchenjezeni za njira zimene zimaoneka zotsika mtengo koma zimadula pambuyo pake. Mafuta ophikira amalowa m'chikopa, amachidetsa mosafanana, ndipo pakapita nthawi amanunkha. Polishi wa nsapato amatsalira pa zovala za okhalapo, komanso phula lake limalepheretsa utoto weniweni kugwira. Sipiriti, mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo ndi mankhwala oyeretsera zovala zimasungunula kapena kuwononga chotchinga cha pamwamba. Chikopa chofufutidwa chimakhala ndi asidi pang'ono mwachibadwa chake, choncho sopo waukali amachiumitsa ndi kuchifooketsa. Chilichonse chimene mukufuna kupaka muyambe mwachiyesa kumbuyo kapena kunsi, mudikire chiume, muone zotsatira zake.

Tsopano mabatani, amene kwa ine ndiwo mbali yopindulitsa kwambiri pa ntchito yonseyi, chifukwa zipangizo zake ndi zochepa koma maonekedwe a mpando amasintha nthawi yomweyo. Batani lililonse lili ndi kamphete kuseri kwake, ndipo kamphetero kamagwidwa ndi chingwe chimene chimadutsa m'chikopa ndi m'siponji kapena thonje mpaka kukamangidwa kumbuyo. Kawirikawiri chimene chimatha ndi chingwecho, batani lili bwinobwino. Musanagule kanthu, pisani dzanja m'mipata ya mpandowo ndipo muyang'anenso m'kati mwa nsalu ya kunsi ija, chifukwa mabatani othothoka amakonda kugwera mommo. Mukapanda kuwapeza, dulani kachidutswa ka chikopa chotsala kunsi kwa mpando, kuseri kwa pamene chinakhomeredwa, mupite nako pamodzi ndi muyeso wa batani kwa mmisiri wa mipando amene ali ndi makina okutira mabatani. Iyeyo amakapala kuti kapyapyale n'kukutira batani lofanana mtundu ndi anzake. Imeneyi ndi ntchito yaing'ono imene mungalipire mosadandaula.

Mufunika singano yaitali ya amisiri a mipando, ya masentimita 25 kapena 30, ndi chingwe cholimba cha nayiloni. Ulusi wosokera zovala sungapirire. Zulani mosamala timisomali kapena timawaya togwira chikopa cha kumbuyo kwa mpando, mbali ya kumunsi yokha, kuti dzanja lithe kulowa. Dulani chingwe cha masentimita pafupifupi 70, chipiseni m'kamphete ka batani, ndipo nsonga zake zonse ziwiri muzilowetse pa diso la singano. Singanoyo ilowe pa bowo lomwe lija la kale, osaboola pena, ndipo muiyendetse mowongoka mpaka itulukire kumbuyo. Kumbuyoko ikani kansalu kokhuthala kopindapinda pakati pa zingwe ziwirizo kuti mfundo isadzang'ambe chiguduli chogwira siponji, kenaka mangani mfundo yotsetsereka. Wina akanikize batani kutsogolo ndi chala chachikulu pamene inu mukukoka pang'onopang'ono, ndipo muziima n'kupita kutsogolo kukayerekeza kuya kwake ndi mabatani oyandikana nalo. Batani lokokedwa mopitirira limang'amba chikopa chakale, pomwe losakungika bwino limaoneka lotumphuka pakati pa anzake. Kuya kukafanana, tsekani mfundoyo ndi zina ziwiri. Makwinya muwakonze ndi kamtengo kosalala kopanda nsonga, ndipo apindikire kumunsi kuti asamasunge fumbi. Popeza kumbuyo mwatsegula kale, gwedezani zingwe za mabatani ena onse, chifukwa zinamangidwa nthawi imodzi ndipo zina zili pafupi kuduka. Kuzisintha tsopano kukupulumutsani ku ntchito yotsegulanso kumbuyo miyezi ikubwerayi.

Pong'ambika pamafuna chigamba cha kunsi. Dulani nsalu yolimba koma yopyapyala, yoposa pong'ambikapo ndi masentimita 2 mbali zonse, ndipo ngodya zake muzidule mozungulira kuti zisapindike. Ilowetseni pansi pa chikopa n'kuiyala bwino, pakani guluu wa chikopa kunsi kwa milomo ya pong'ambikapo ndi kamtengo kakang'ono, gwirizanitsani milomoyo mosasanjikiza, ndipo mutsindikepo chinthu cholemera. Guluuyo akhale wa mtundu umene umakhalabe wofewa ukauma. Super glue amauma gwa, ndipo pamalo pokhalira amathyoka n'kung'amba chikopa m'mbali mwake. Pasakhale munthu pamenepo kwa tsiku lathunthu.

Ming'alu ya poika manja nthawi zambiri imakhala ya utoto wa pamwamba, chikopa cha pansi chikadali chamoyo. Palani mopepuka ndi sandipepa wosalala wa nambala 600, pukutani fumbi, kenaka pakani phala lotsekera ming'alu lotchedwa leather filler mopyapyala kwambiri, kudikira kuti liume musanapakenso. Phala lopakidwa mokhuthala kamodzi limauma pamwamba pokha ndipo limadzasweka. Mukasalaza ndi sandipepa wa nambala 1200, pakani utoto wa chikopa ndi siponji modinda, kangapo mopyapyala, kenaka mankhwala otsekera pamwamba. Chovuta kwambiri apa ndi kufananitsa mtundu, pakuti chikopa chakale sichikhalanso ndi mtundu umene chinali nawo chili chatsopano, ndiponso utoto umasintha ukauma. Kupaka mkono wonse wa mpando kufikira pa msoko kumabisa kusiyanako bwino kuposa kupaka kamalo kamodzi pakati.

Pa ndalama, lembani zonse zofunika musanagule, ndipo mugule timabotolo tating'ono chifukwa phala ndi utoto zimauma zikatsegulidwa n'kusungidwa nthawi yaitali. Muyeso umene ndimalangiza ndi wakuti zipangizo zonse zisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wa mpando wofanana nawo wogwiritsidwapo kale ntchito koma wabwino. Zikapitirira theka, ganiziraninso. Kugulitsa mpandowo mmene ulilimu sindikukulimbikitsani, chifukwa wogula amatsitsa mtengo poona mabatani osowa ndi pong'ambika mopitirira kutali ndalama zimene mukanawononga pokonza. Ngakhale mutatsimikiza zogulitsa, tsukani ndi kumanga mabataniwo kaye.

Funso lachiwiri ndi la bambo wina amene akuti anakonzapo mipando ya abale ake ndipo ikuoneka bwino. Akufunsa ngati angayambe bizinesi yogula mipando yakutha yotereyi, kuikonza ndi kuigulitsa.

Bambo, zimatheka, koma ndingakonde kuti muyambe ndi kukonza mipando ya eni ake musanayambe kugula yanu. Mpando wa sofa umamanga mpamba kwa nthawi yaitali, umafuna malo ouma osungira kuti usachite nkhungu, ndipo umalipiritsa mayendedwe kawiri, pobwera ndi popita. Pokonzera ena, mpamba wanu ndi zida ndi mankhwala basi, ndipo ntchito zambiri monga kumanga mabatani mungazigwirire kunyumba kwa kasitomala komweko.

Poika mtengo, ambiri amawerengera zipangizo n'kuiwala nthawi yawo, chonsecho pa mipando yamabatani nthawi ndiyo yodula kwambiri. Muzilemba m'kope maola amene ntchito iliyonse yatenga, kuphatikizapo oyenda ndi obwereranso kukapaka utoto wachiwiri. Botolo la utoto limene lagwira mipando inayi mugawe mtengo wake panayi, ndipo muonjezerepo kangachepe kolowa m'malo mwa zida zimene zikutha. Mabatani mungalipiritse pa batani lililonse, koma payenera kukhala mtengo woyambira wa kutsegula ndi kutseka kumbuyo, poti ntchito imeneyo ndi yofanana kaya batani ndi limodzi kaya ndi khumi. Jambulani mpando musanaugwire, mulembe zimene mwagwirizana, ndipo mulandire ndalama za zipangizo ntchito isanayambe. Muuzeni kasitomala poyera kuti pomatidwa padzaonekabe pang'ono munthu akayang'anitsitsa pafupi, komanso muphunzire kukana mipando ya chikopa chosupuka chija, chifukwa chikadzayambiranso kusupuka mwini wake adzanena kuti mwawononga ndinu.

Mukadzafika pogula mipando yoti mugulitse, werengerani chobwerera m'mbuyo. Yambani ndi mtengo umene mpandowo ungagulitsidwe utakonzedwa, muchotsepo zipangizo, mayendedwe, malipiro a maola anu ndi phindu limene mukufuna. Chotsalacho ndiwo malire a ndalama zimene mungapereke, ndipo musanapereke muutembenuze mpandowo, muone kuseri kwa chikopa, munyamule mwendo wakutsogolo, ndi kuununkhiza ngati uli ndi fungo la nkhungu kapena la utsi wa fodya, pakuti fungo likalowa m'siponji silituluka ndi kutsuka pamwamba ndipo lidzafuna kuti musinthe siponji yonse.