Pepala lalemba squamous pa chiwindi, abale akuti ndi kachasu

Mchemwali wina wa ku Kawale wandilembera imelo. Akuti bambo ake anawadula kanyama pa chiwindi, zotsatira zabwera zitalemba squamous cell carcinoma, mtundu wina wa khansa, ndiye akufunsa kuti zachokera kuti, nanga achira? Abale ayamba kale kuloza kachasu.

Achemwali, tulo sitinabwere nditawerenga, chifukwa pepala lotere ndinaligwirapo m'manja mwangamu. Anali mayi anga aang'ono, ankagulitsa mtedza ndi nyemba mumsika wa ku Area 25. Ankangoti pansi pa nthiti kumanjaku pakuwawa, kenako kuonda, chitenje kumachita kutsala pomanga. Pa chipatala china cholipira anatipatsa mankhwala a zilonda zam'mimba miyezi itatu yathunthu ife kumangotulutsa ndalama, mpaka sikani inadzaonetsa chotupa. Apa ndiye aliyense anasanduka dokotala, amalume akuti alodzedwa ndi anzawo a mumsika, ena akuti ndi mtedza wachuku womwe ankakazinga ukatsala pa malonda, winanso mpaka kunena za mowa, munthu woti chibadwire sanaulawepo. Ine ndinali gadiyani, kugona pa chitenje, kuphika phala loti mwiniwake akangolawa kawiri basi, anthu olankhulawo osabwera ngakhale ndi shuga yemwe.

Dokotala wina wachitsikana ndi amene anandikhazika pansi. Anati chiwindi chilibe maselo a squamous. Maselo amenewa ndi aphwatalala, amakhala pakhungu, mkamwa, kummero, pakhomo la chiberekero. Ukawapeza m'chiwindi funso loyamba ndi loti achokera kuti. Atawayeza kumusi anapeza kuti khansa inayambira pakhomo la chiberekero, chiwindi inangofikako. Mayi anali akutaya magazi kwa chaka osauza munthu, manyazi. Izi zimandipwetekabe mpaka lero, ndipo ndinene mosabisa, manyazi athuwa akutimaliza, VIA, kuyeza khomo la chiberekero kuja, ndi yaulere m'zipatala za boma koma timapita pokhapokha zinthu zitathina.

Za kachasu ndi chukuzo, abale akusokoneza. M'chiwindi, mowa, chuku cha mtedza ndi chimanga komanso matenda a hepatitis B zimabweretsa khansa ina, hepatocellular carcinoma, yomwe ndi yofala kuno. Si imene yalembedwa papepala lanulo.

Nanga ikayambira m'chiwindi momwemo?

Zimachitika koma mwa apo ndi apo kwambiri, moti madokotala akakumana nayo amailemba m'magazini awo. Nthawi zambiri imapezeka mwa munthu amene wakhala zaka ndi miyala m'timitsempha ta ndulu ta mkati mwa chiwindi, kapena kathumba ka madzi m'chiwindi, kapena kutupa kosatha kwa timitsemphato. Kutupa kwa zaka kumasintha maselo a m'timitsemphamo kukhala a squamous, enawo nkudzasanduka khansa. Zizindikiro zake zilibe chachilendo, kuwawa kumanja, kutentha thupi, kuonda, nthawi zina chikasu, ndipo pa sikani imatha kuoneka ngati chithupsa cha mafinya. Ngakhale AFP, magazi aja amayeza pa khansa ya chiwindi, kawirikawiri amatuluka bwinobwino. Nchifukwa chake imapezeka mochedwa.

Zoti achira sindikunamizani. Ndi yaukali, ambiri sapitirira chaka chimodzi. Amene amakhala nthawi yotalikirapo ndi amene chotupa chapezeka chisanafalikire madokotala nkudula mbali ya chiwindiyo pa opaleshoni. Zikakanika pamatsala chemo ndi kuchepetsa ululu, ndipo morphine, mankhwala amphamvu a ululu aja, musamuope, mayi anga anagona tulo koyamba tsiku lomwe anawapatsa.

Koma musathamangire kuti bambo ali ndi yosowayi. Malawi ili m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo yambiri ndi squamous yomweyi. Mukabwerera ku chipatala cha Kamuzu Central afunseni madokotala ngati ayang'ana kummero ndi kamera ija ya endoscopy, mapapo, mkamwa, khungu ndi kotulukira chimbudzi, chifukwa dzina loti yoyambira m'chiwindi limaperekedwa konseko kukapezeka kopanda kanthu. Ndipo bambowo muwafunse pambali, opanda gulu, ngati nsima yakhala ikuwatsamwa pomeza. Tengani mapepala onse, ngakhale akale a sikani.