Musanagulire atate anu makina a TENS, yang'anani kaye mapazi awo

Amayi, musanatumize ndalama kwa munthu amene akukulonjezani makina a TENS, aja amene amatumiza timagetsi pakhungu pofuna kuchepetsa ululu, othandiza atate anu, ndikupempheni kuti muone kaye ngati mapazi awo amamva bwinobwino mukawakhudza, chifukwa mu uthenga wanu muno m'gulu wofunsa za makinawa mwatchula kuti ali ndi shuga, ndipo mawu amenewo ndi amene andisiyitsa ntchito n'kuyamba kulemba. Ine ndinagulira amayi anga makina oterewa mu 2024, iwonso ndi a shuga, ndipo mpaka lero ndikaona chipsera chimene chili pamwamba pa phazi lawo lamanzere ndimadziimba mlandu.

Amayi anga ankadandaula kuti usiku mapazi amatentha ngati aponda makala, ndipo mawondo ankawavuta akafuna kudzuka pamphasa. Ndinaona malonda pa Facebook, wogulitsayo anati ali ku Lusaka ndipo adzatumiza katundu pa basi, ine ndinalipira K650 kudzera pafoni, ndipo patapita masiku awiri ndinakatenga kaphukusi ku siteshoni. Bokosilo linalibe dzina la kampani imene inapanga, linalibe kabuku ka malangizo, ndipo pamakinapo panali kopotokola kamodzi ndi tizithunzi ta manja akusisita msana. Nditafunsa kagwiritsidwe ntchito kake, munthuyo ananditumizira mawu pa WhatsApp akuti ndimate mapadi, tizigamba tomata pakhungu tolumikizidwa ku makinawo ndi mawaya, pamene pakupweteka, ndikweze mphamvu mpaka wodwala amve, ndipo ndikhoza kuwasiya usiku wonse chifukwa makinawo amatsitsa shuga ndi BP munthu ali m'tulo. Ndinakhulupirira, ine munthu wamkulu amene ndinapita kusukulu.

Patatha masabata atatu mapadi anasiya kumata chifukwa cha fumbi ndi mafuta amene amayi amadzola, ndiye tinayamba kuwamangirira ndi kansalu kong'amba ku chitenje chakale. Inali nthawi ija madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, choncho zonsezi ndinkachita mumdima. Usiku umenewo ndinamanga mapadi awiri pamwamba pa phazi, ndinapotokola, amayi anati sakumva kanthu, ndinapotokolanso, anati mwana wanga kweza usaope, mpaka kopotokolako kanafika pamapeto, ndipo iwo anati tsopano akumva ngati nyerere ikuyenda patali. Ndinawafunditsa n'kupita kukagona. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndinadzuka kuti ndikawaperekeze kuchimbudzi, ndinayatsa tochi ya foni, ndipo nditamasula kansaluko ndinaona kuti padi imodzi inali itapindika, ikukhudza khungu ndi ngodya yokha, ndipo pansi pake panali thuza lalikulu ngati ndalama yachitsulo. Pamene ndinaikoka pang'onopang'ono khungu linachoka nayo limodzi, pansi pakuoneka pofiira ndi ponyowa. Ndinayamba kunjenjemera, tochi ikugwedezeka m'manja, koma amayi anandiyang'ana mwabata n'kufunsa kuti, kodi pali chiyani? Sanamve chilichonse. Funso limenelo ndi limene silinachoke m'mutu mwanga, chifukwa ndinazindikira pomwepo kuti usiku wonse munthu akupsa, thupi lake silinamuuze.

Tinapeza taxi kutangocha n'kupita kuchipatala. Namwino amene anatsuka chilondacho sanandikalipire, anangondifunsa ngati ndikudziwa kuti chilonda cha paphazi la munthu wa shuga chimachedwa kupola ndipo chikalowa majeremusi chimatha kudulitsa mwendo. Tinayenda ulendo wotsukitsa chilonda masabata asanu ndi awiri, ndalama ya taxi yokha inaposa mtengo wa makinawo, ndipo tsiku lililonse ndinkanunkhiza bandeji mobisa kuti ndidziwe ngati pakuwola.

Wogulitsayo ndinamutumizira chithunzi cha phazilo. Anayankha kuti zimenezo ndi poizoni amene akutuluka m'thupi ndipo tipitirize, kenako ananditsekera kuti ndisamupezenso. Patapita mwezi ndinaona malonda omwewo, zithunzi zomwezo, pansi pa dzina lina, akulonjeza kuchiritsa sitiroko, shuga ndi kusabereka. Munthu wotero alibe chisoni, amadya thukuta la anthu amene akuvutika ndi makolo odwala, amadziwa kuti mwana amene wamva mayi ake akubuula usiku amagula chilichonse, ndipo sanafunse ngakhale funso limodzi la matenda amene amayi ali nawo. Akanangofunsa kuti kodi ali ndi shuga, phazi lija likanakhala losalala lero. Sindinamukhululukire, ngakhale kutchalitchi amatiuza zina.

Chilonda chitapola tinatumizidwa kwa a physio, akatswiri a kuchipatala othandiza pa mavuto a minofu ndi mfundo za mafupa, chifukwa cha mawondo, ndipo kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba mmene makinawa amagwirira ntchito. Sachiritsa matenda alionse. Amatumiza timagetsi tochepa kudzera pakhungu kupita ku mitsempha imene imamva kukhudzidwa, ndipo uthenga umenewo ukafika mumsana umatsekereza pang'ono uthenga wa ululu kuti usafike wonse ku ubongo, monga mmene munthu amasisitira chigongono akadzigunda. Ganizo limeneli analifotokoza akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, mu 1965, ndipo makina a TENS anamangidwa pa ganizo lomwelo. Ndiye chinthu chonsecho chimadalira kuti khungu likhale lomva, chifukwa wodwala mwiniyo ndi amene amanena kuti mphamvu yakwana. Pakhungu la dzanzi, monga mapazi a anthu ambiri amene akhala ndi shuga zaka zambiri, mulibe wokuuzani kuti lekani. Anandiuzanso kuti padi ikatha kapena ikapindika, magetsi onse amadutsa pakamalo kakang'ono kamene kakukhudza khungu, ndipo ndi mmene thuza lija linabwerera.

Mudziwenso kuti ngakhale madokotala sagwirizana pa phindu la makinawa. Bungwe la ku Britain lotchedwa NICE, limene limalemba malangizo a zaumoyo kumeneko, linanena mu 2016 kuti TENS isaperekedwe kwa odwala msana chifukwa umboni wakuti imathandiza ndi wofooka. Amene amathandizidwa, kawirikawiri ululu umachepa pamene makina akugwira ntchito ndi kanthawi kochepa pambuyo pake, kenako umabwerera.

Ndinalumbira kuti chinthu chimenecho sichidzalowanso m'nyumba mwanga, koma ndivomereze kuti chaka chatha ndinagula china, ndipo ndimachimata pamsana panga madzulo ndikachoka pamakina osokera. Chimandithandiza kugona, kaya NICE inanena zotani. Amayi anga nawonso ndimawamata mapadi pamawondo, pamene khungu limamva bwino, kwa mphindi 30, ine ndili pompo, koma kumapazi sitiyandikirako. Choncho ngati mwatsimikiza kugula, gulani m'famasi yodziwika imene ikupatseni risiti ndipo mukhoza kubwererako mukapeza vuto, ngakhale mtengo ukwere. Pabokosi pakhale dzina ndi adiresi ya kampani imene inapanga, monga Omron ya ku Japan kapena Beurer ya ku Germany, ngakhale alipo ena abwino osatchuka, ndipo mkati mukhale kabuku kamene mungawerenge. Chizindikiro cha CE chokha, chonena kuti katundu akutsata malamulo a ku Ulaya, chisakunyengeni, chifukwa bokosi langa loyamba linali nacho. Bungwe limene limayang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala m'dziko muno ndi ZAMRA, ndipo wogulitsa woona mtima sakwiya mukamufunsa za chilolezo chake.

Makinawo akhale ndi kagalasi koonetsa manambala, kuti muzidziwa mphamvu imene mwaika ndipo muziikweza pang'onopang'ono, osati kopotokola kopanda nambala ngati kanga kaja. Akhale otha kusintha liwiro la kugunda, chifukwa liwiro la 80 mpaka 120 pa sekondi ndi limene limamveka ngati kunyerenyetsa ndipo anthu ambiri amayambira pamenepo, pamene la 2 mpaka 10 limagunda mwapang'onopang'ono n'kugwedeza minofu pang'ono. Akhale ozima okha nthawi ikakwana, ndipo ichi chokha chikanapulumutsa phazi la amayi. Amene ali ndi mawaya awiri ndi mapadi anayi ndi abwino kwa munthu amene mawondo onse awiri amapweteka. Muonetsetse kuti palembedwa TENS, chifukwa ena ndi a EMS, amene ntchito yake ndi kukoka minofu, ndipo ogulitsa ena a pa intaneti amasakaniza mayina awiriwa. Musanalipire funsani kumene mudzagule mapadi atsopano ndi mtengo wake, popeza amatha msanga, makamaka nyengo ya fumbi, ndipo makina amene mapadi ake sapezeka kuno ku Chipata adzakhala m'kabati kapena adzakuyesani kumanga ndi chitenje monga ndinachitira ine. Pa nkhani ya mabatire, ine ndinasankha a mabatire wamba a AAA amene amapezeka ngakhale ku Kapata, chifukwa otchaja amakusiyani m'mavuto magetsi akazima, ndipo amenewo sayenera kukhala pathupi pamene akutchajidwa.

Pali anthu amene sayenera kuwagwiritsa ntchito popanda dokotala kuvomereza, monga amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda kotchedwa pacemaker, odwala khunyu, ndi amayi oyembekezera. Mapadi asaikidwe kutsogolo kwa khosi, pamutu, pafupi ndi maso, pachifuwa, pachilonda, pamwendo wotupa umene sunapimidwe, kapena pakhungu lililonse la dzanzi, ndipo munthu asasambe, asagone kapena kuyendetsa galimoto atawavala.

Koma kunena zoona, amayi, ine ndikanakhala inu sindikanagula kanthu mwezi uno. Pitani ndi atate ku Chipata Central Hospital, kapena ku St Francis ngati muli chakufupi ndi Katete, mupemphe kuti awapime mapazi ngati akumva ndiponso kuti aonane ndi a physio, chifukwa kutentha kwa mapazi kumene kumabwera ndi shuga kuli ndi mankhwala ake, ndipo kumafuna kuti shugayo atsike choyamba. Munyamule kabuku kawo ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Ngati munthu amene akufuna kukugulitsaniyo wakutumizirani chithunzi cha bokosi, chiikeni muno m'gulu musanalipire, ndione ngati si lomwe lija, chifukwa langa ndinalisunga pamwamba pa kabati ndipo ndikhoza kulizindikira ngakhale mumdima.