Mwafunsa za phiri lakutali: pitani ku Nganda, koma mukagone kaye ku Chelinda

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene anasamukira kuno ku Mzuzu chaka chatha pa nkhani ya ntchito. Kwawo n'ku Zomba, ndipo akuti ali kumeneko ankakwera phiri pafupifupi Loweruka lililonse. Kuno mapiri akungowaonera patali. Akufunsa kuti kumpoto kuno angapite kuti koti akafika pamwamba asamve galimoto kapena wailesi, angoona kutali basi. Akufunsanso ngati munthu wopanda galimoto yakeyake angathe, kapena ngati zimenezi n'za azungu okhaokha, pakuti anzawo akuntchito amawafunsa kuti kuphiri, ngati si kukapemphera kapena kukatola nkhuni, akukatengako chiyani.

Achemwali, zikomo pondilembera. Ndikuyankhani pano poyera chifukwa funso lanu ambiri ali nalo mumtima. Yankho langa ndi limodzi: pitani ku Nyika, mukakwere Nganda. Mapiri apafupi alipo. Kaning'ina ali pakhomo pathu pomwepa, ku Viphya kuli miyala ikuluikulu yokwereka bwino, ndipo ku Mzimba kuli Hora, kumene Angoni amachitira mwambo wa Umthetho. Onsewa ndimawakonda. Koma bata limene mukulifunalo, loti nkumamva mpweya wanu womwe, ine ndinalipeza ku Nganda.

Nganda ndiye nsonga yayitali kwambiri pa Nyika, mamita opitirira pang'ono 2,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Sapitwa wa ku Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye mungaganize kuti kukwera kwake n'kofanana. Ayi ndithu. Ku Mulanje mumayambira pansi penipeni, n'kumakwawa pamiyala mpaka mawondo kunjenjemera. Ku Nyika galimoto ndiyo imakukwezani. Mzuzu ali pa mamita pafupifupi 1,250, Chelinda, malo ogona alendo a mkati mwa paki ya Nyika, ali cha m'ma 2,300, ndiye mukamatsika galimoto patsinde pa Nganda ntchito yaikulu imakhala itagwiridwa kale. Chotsala ndi mtunda wa udzu wofupika, wopanda phompho loopsa, woti munthu amene anazolowera phiri la Zomba sangadandaule nawo. Mungomva kuti mpweya ukuchepa msanga kusiyana ndi kwanu, n'kumaima pafupipafupi. Chovuta pa ulendowu si miyendo. Ndi msewu, kuzizira ndi nkhungu.

Ndiyambe ndi msewu. Kuchoka ku Mzuzu mumatsata M1 kudutsa Ekwendeni ndi Enukweni, n'kukhotera kumanzere kulowera ku Rumphi, kuwoloka South Rukuru pa Njakwa pamene mtsinjewo umadzipanikiza pakati pa mapiri awiri. Mpaka pa boma la Rumphi ndi makilomita osafika 70, ndipo maminibasi ndi ambiri. Pa Rumphi mugule zonse zimene mwaiwala, ndipo galimoto imwe mafuta mpaka kukhosi, chifukwa kutsogoloku musayembekezere kuwapeza. Mukadutsa Bolero, kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, phula silichedwa kukutherani. Kuchoka pa Rumphi kukafika pa geti ya Thazima ndi makilomita opitirira 50, ndipo kuchoka pa geti kukafika ku Chelinda ndi enanso pafupifupi 60. Pa mapu zimaoneka zochepa. Pamsewu wafumbi wokwera phiri, wamiyala ndi mabampu, limakhala tsiku lathunthu, ndipo nthawi ya mvula galimoto yaing'ono musaiyese n'komwe.

Za kusowa galimoto zisakufooketseni. Matola opita ku Nthalire ndi ku Chitipa amadutsa m'pakimo, koma ine sindikulangizani kuwadalira, chifukwa amakutsitsani pamphambano patali ndi Chelinda, nthawi zina dzuwa litapendeka kale, ndipo muli m'dera la nyama zakutchire. Njira yabwino n'kupeza anzanu anayi kapena asanu, musonkherane, muchite hayala galimoto yamphamvu ndi dalaivala amene anafikako kale. Mukagawana mtengo katunduyo amapepuka. Pa geti Amalawi timalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi alendo akunja, bola musaiwale chiphaso chanu cha unzika. Malo ogona ku Chelinda alipo a mitengo yosiyanasiyana, ndipo wotchipa kwambiri n'kukhoma tenti. Imbani foni musananyamuke kuti mudziwe mitengo yatsopano. Paki imeneyi, imene inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo ndi yaikulu kuposa ina iliyonse m'dziko muno, masikweya kilomita opitirira 3,000, si ya azungu. Ndi yanu. Zimandipweteka kuti pali anthu obadwira ku Rumphi amene akalamba osaiona, pamene wina amachoka ku Ulaya kudzaiona.

Tsopano chimene ndikufuna muchimvetsetse kwambiri. Ulendo wanga woyamba ndinaulakwitsa. Tinanyamuka ku Mzuzu m'bandakucha ndi anzanga atatu, mwezi wa Julaye, tili ndi maganizo oti tikakwere Nganda tsiku lomwelo kuti tisawononge ndalama ya malo ogona kawiri. Tinafika ku Chelinda masana titatopa, n'kupitiriza ulendo wa makilomita ena pafupifupi 30 opita kuphiriko. Pomwe timayamba kukwera n'kuti nkhungu itayamba kale kukwera kuchokera kunyanja. Sinabwere pang'onopang'ono. Ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato, podzuka mnzanga amene anali patsogolo panga sindinamuonenso, ndinangomva mawu ake. Ndinali nditavala juzi imodzi ndi nsapato zansalu, ndipo udzu wonyowa unandilowetsa madzi mpaka m'masokosi. Zala za m'manja zinauma moti zipi ya chikwama inandikanika kutsegula. Tinafika pamwamba, inde, koma tinangoona zoyera mbali zonse. Msikauti wa paki amene tinali naye ndiye anatitsitsa, akuyenda ngati ali pabwalo la kwawo, ife tikumutsatira phazi ndi phazi. Akanakhala kuti palibe, sindikudziwa kuti usiku umenewo ukanatipeza kuti, chifukwa zitunda za pa Nyika zimafanana zonse, ndipo mu nkhungu simudziwa kumene mwachokera.

N'chifukwa chake ndikuti mukagone kaye ku Chelinda. Mukafike madzulo, muothe moto, mugone, m'mawa mulawirire. Nkhungu imeneyi ili ndi chifukwa chake: mphepo yochokera kum'mawa imanyamula chinyezi cha m'nyanja, ikagunda khoma la phiri imakwera, ikakwera imazizira n'kusanduka mtambo, ndipo mbali ya kum'mawa kwa Nyika ndiyo imayamba kuphimbika. M'mawa mwayi woona kutali umakhala waukulu. Ndipo musapite opanda msikauti wa paki. Si nkhani ya lamulo lokha. Kuli akambuku, kuli afisi, ndipo njovu ziliko, zina mwa izo 34 zimene anazisamutsa kuchokera ku Liwonde mu 2017. Koma koposa zonsezo, iye amadziwa kuwerenga mitambo. Akanena kuti tibwerere, bwererani osatsutsa.

Za zovala musanyozere. Inu a ku Zomba mumadziwa kuzizira, ndipo Mzuzu wakuphunzitsaninso, koma kwa pa Nyika n'kwina. Mu Juni ndi Julaye mumadzuka udzu utayera ndi chisanu, madzi amene munasiya panja m'beseni atagwira pamwamba. Pitani pa kaunjika mumsika, mugule jekete yoletsa mphepo, juzi ziwiri zoti muzivala mophatikiza, chipewa chophimba makutu, ndi masokosi okhuthala, ena osinthira. Nsapato zikhale zolimba, zoti munaziyendera kale. M'chikwama muikemo fulasiki ya tiyi wotentha, mbatata yophika, mtedza wokazinga, madzi akumwa ndi tochi. Netiweki ya foni kumeneko ndi yosadalirika, ndiye wina kunyumba adziwe tsiku limene mukubwerera.

Nyengo yabwino yoonera kutali ndi Meyi ndi Juni, mvula itangotha kutsuka mlengalenga. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala kumafunda bwino, koma utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba chigwa chonse, nyanja n'kungooneka ngati chinthu chotuwa. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya maluwa. Pa Nyika pali mitundu yopitirira 200 ya maluwa aja amene mizu yake anthu amakumba n'kupangira chinaka, chimene a ku Zambia amati chikanda, ndipo nthawi imeneyo madambo amachita kuwala. Koma msewu wake ndi umene ndanena uja, walira mvula walira matope. Mukapita nyengo imeneyo, chonde musathyole kapena kukumba kanthu. Kukumba chinaka mobisa kwawononga kale malo ambiri.

Ulendo wachiwiri ndinapita kumapeto kwa Meyi, patatha zaka ziwiri. Tinachoka ku Chelinda kusanache bwino, kudutsa m'nkhalango ya paini imene inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950, n'kutulukira poyera. Mbidzi zinali m'mbali mwa msewu, mpweya wotuluka m'mphuno zawo ukuoneka ngati utsi. Patsogolo pang'ono gulu la nchefu linadutsa chitunda mwa ndawala, ndipo mphoyo imodzi inaliza kamluzu kake n'kuthawira kudambo. Titasiya galimoto tinakwera osakwana ola limodzi, mame akutinyowetsa mpaka m'mawondo, dzuwa likutiwomba kumaso.

Pamwamba palibe chodabwitsa mukangoyang'ana pansi: miyala yochepa, ndere zotuwa ndi zachikasu zomera pamiyalapo, udzu wogonekedwa ndi mphepo. Koma mukadzutsa maso! Kum'mawa dziko limangotha mwadzidzidzi, n'kutsika makilomita awiri athunthu kukafika panyanja. Nyanjayo tsiku limenelo inali ngati lata latsopano loyalidwa padzuwa, ndipo kutsidya kwake mapiri a Livingstone a ku Tanzania anaima bii, ngati khoma. Kumpoto zigwa zikutsetserekera ku Karonga ndi ku Chitipa. Kumadzulo ndi kumwera zitunda zobiriwira zikungotsatizana, chimodzi pambuyo pa chinzake, mpaka ku Zambia, popanda denga la nyumba ngakhale limodzi, popanda munda, popanda utsi wa pamoto. M'makwawa muli timagulu ta mitengo yakuda tobisala mmene moto sufika. Mithunzi ya mitambo inkayenda pa udzupo ngati ng'ombe zikupita kudambo.

Msikauti anandilozera kadambo kena chapansipa, konyowa, kooneka ngati kopanda ntchito, n'kundiuza kuti madzi oterewa ndiwo amakasanduka mitsinje. Zoonadi North Rukuru, amene amakathira m'nyanja ku Karonga, amayambira pa Nyika pomwepa, chimodzimodzinso Wovwe amene amapukusa makina a magetsi. Udzu ndi madambo a pamwambapa zimasunga mvula ngati siponji n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mpunga wa ku Karonga umene timaukonda kuno ku Mzuzu umamwa madzi ochokera kumapiri ngati amenewa.

Pali china chimene ndimafuna aliyense wokwera kumeneko azichikumbukira. Dziko lopanda nyumba limene mukulionalo silinali lopanda anthu chiyambire. Aphoka ankakhala m'mapiri amenewa, ankasungunula chitsulo, ndipo ng'anjo zawo zakale zikuonekabe m'malo ena. Pamene paki inakuzidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Ana awo ndi adzukulu awo ndi amene mudzawadutse m'midzi ya m'munsi mwa phiri. Mukaima kugula nthochi kapena uchi, apatseni moni wa kwawo, "Monire, muli uli?", ndipo potsazika munene "Yewo." Kwa ine bata la pa Nganda limalemera kwambiri ndikakumbukira kuti pali anthu amene analilipirira.

Mukafika pamwamba musathamangire kujambula n'kutsika. Ambiri amatero: mphindi khumi, zithunzi za pa Facebook, basi abwerera. Pezani mwala wokutchingani mphepo, khalani pansi, thirani tiyi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinakhala pamenepo pafupifupi maola awiri, ndipo zambiri ndinaziona mu ola lachiwiri, maso atazolowera kutalika: kamzere koyera ka mchenga m'mphepete mwa nyanja, khwangwala wa khosi loyera akuseweretsa mphepo pansi pa mapazi anga, nyama zitatu pachitunda chakutali zimene poyamba ndinkaziyesa miyala.

Anzanu akuntchito aja musakangane nawo. Auzeni kuti pagalimoto patsala malo awiri, asonkhe nawo ya mafuta. Ngati mungakonze za kumapeto kwa Meyi, ndilembereninso, ndikuuzani zoti mukafunse poimba foni ku Chelinda, ndipo jekete yanga yoletsa mphepo ilipo, mukhoza kudzabwereka.