Mukulipira aphunzitsi a masamu, koma kodi mwana akusuntha?

Mayi wina wa ku Mufakose, mu Harare, watilembera imelo. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 3, ndipo kwa materemu awiri akhala akulipira mphunzitsi wapadera amene amabwera kunyumba kawiri pa sabata. Malikisi a kusukulu angokakamira pa 40 ndi 45. Funso lawo ndi lakuti: "Ndisinthe mphunzitsi kapena ndidikirebe? Ine masamu ndinaiwala kalekale, ndiye ndidziwa bwanji kuti ndalama zanga sizikulowa m'madzi?"

Mayi, musafulumire kuwachotsa aphunzitsiwo, koma musadikirenso lipoti la kumapeto kwa teremu. Lipoti limabwera katatu kokha pachaka ndipo limangokupatsani nambala imodzi. Ana awiri akhoza kupeza 45 onse, wina chifukwa sadziwa mafulakishoni, wina chifukwa nthawi imamuthera asanafike theka la pepala. Mankhwala awo ndi osiyana, ndipo nambalayo siikuuzani kuti wanu ndi uti.

Yambani madzulo ano, ngakhale masamu munawaiwala. Mupatseni mwana mafunso atatu awa popanda kakyuleta. Loyamba, 1/2 + 1/3. Yankho ndi 5/6, koma akalemba 2/5 ndiye kuti akuphatikiza manambala a pamwamba paokha ndi a pansi paokha. Lachiwiri, 3 − (−5). Yankho ndi 8, wosokonezeka amalemba −2. Lachitatu, achotse mabulaketi pa 2(x + 3). Yankho ndi 2x + 6, koma ambiri amalemba 2x + 3 poiwala kuchulukitsa 3 uja. Zonsezi ndi za m'makalasi a m'mbuyo, osati za Fomu 3. Akaphonya awiri mwa atatuwa, vuto lili pa maziko, ndipo mphunzitsi amene amangothandiza homuweki ya tsikulo akufolera nyumba yomwe khoma lake ndi long'aluka.

Kenako apempheni aphunzitsiwo akonze mayeso a mafunso 25, a mphindi 40, ochokera pa ntchito ya Giredi 7 kufika Fomu 2, nawonso opanda kakyuleta. Chifukwa chake n'chakuti pa mayeso a masamu a O Level a ZIMSEC, bungwe la mayeso la Zimbabwe, pepala loyamba salola kakyuleta, ndipo mwana wozolowera kudina ngakhale 7 × 8 amagwa pomwepo. Pepala lochongedwalo mulisunge inuyo. Ndiwo muyeso wa pamene mwana wayambira.

Chida chenicheni chotsatira mwana ndi kope limodzi lachikuto cholimba, lolembamo zolakwa zokhazokha. Tsamba lililonse ligawidwe mizere isanu: tsiku, mutu wa phunziro, funso lomwe walakwa, mtundu wa cholakwacho, ndi tsiku lodzabwereza. Pa mtundu wa cholakwa ndi pamene pagona nkhani. Lembani S ngati sanamvetse njira, W ngati anawerenga funso molakwika, P ngati njira amaidziwa koma anachita phuma powerengetsera, ndi N ngati nthawi inamuthera. Pakatha masabata atatu, werengani zilembozo. Ma S akachuluka pa mutu umodzi, mutuwo uphunzitsidwenso kuyambira pachiyambi, ndi zitsanzo zina. Ma W amachepa mwana akazolowera kudula mzere pansi pa chimene funso likufuna asanayambe kulemba. Ma P safuna phunziro latsopano, amafuna kuti mwana azilemba sitepe iliyonse pa mzere wake, zomwe zimamupindulitsanso pa mayeso chifukwa ochonga amapereka malikisi a njira ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka. Ma N amafuna wotchi patebulo.

Funso lililonse la m'kopemo libwererenso kawiri, patatha sabata imodzi ndiponso patatha masabata anayi, manambala ake atasinthidwa, mwana ali yekha. Apa ndi pamene makolo ambiri amanamizika. Mwana amakhoza bwinobwino aphunzitsi ali pambali pake akumukodola, ndipo aliyense amasangalala, koma kukhoza kwa tsiku lomwe waphunzitsidwa si umboni. Choncho Lachisanu lililonse lachiwiri alembe mafunso 10, anayi a ntchito yatsopano, asanu ndi limodzi a mitu yakale yosakanizidwa. Mutu uziyesedwa kuti watheka pokhapokha mwana akakhoza mafunso ake maulendo awiri otsatizana osathandizidwa.

Tsiku lina khalani chapafupi phunziro lili m'kati, muone kuti cholembera chili m'manja mwa ndani. Pa ola limodzi, mphindi 10 zikhale zobwereza zakale, 15 zofotokoza, 30 mwana akuvutika yekha ndi mafunso, ndipo 5 zomaliza zolemba m'kope lija. Aphunzitsi akamalankhula ola lonse mwana akungogwedeza mutu, amene akuchita masamu ndi aphunzitsiwo. Tinenenso mwapadera kuti ana 15 odzazana m'galaja, monga maphunziro owonjezera ambiri (ma extra) amachitikira muno mu Harare, si phunziro lapadera ayi, ndi kalasi ina chabe, ndipo mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo.

Tsimikizaninso kuti aphunzitsi akutsata silabasi ya mayeso amene mwana adzalembe. ZIMSEC ndi Cambridge, bungwe lina la mayeso, safunsa mofanana, ndipo pa mayeso a Cambridge IGCSE wolemba gawo losavutirapo lotchedwa Core sangapose giredi C ngakhale atakhoza zonse. Mapepala athunthu a zaka zam'mbuyo adikire Fomu 4. Pakali pano azingotolamo mafunso a mitu imene waphunzira kale.

Tsono yankho la funso lanu ndi ili. Auzeni aphunzitsi za mayeso oyambira ndi za kopeli, muwapatse masabata asanu ndi limodzi. Pakutha pake mwana alembe mayeso ofanana ndi oyamba aja, manambala okha atasinthidwa. Malikisi a kusukulu mwina adzakhala asanakwere, popeza kalasi ili patsogolo pamene iye akukonza zam'mbuyo, koma pa mayeso awa kusintha kuyenera kuoneka, ndipo ma S m'kope achepe. Zikapanda kutero, kapena aphunzitsi akakana kuti muziona kopelo, funani ena, ndipo atsopanowo mudzawapatse kope lomwelo tsiku loyamba kuti asadzayambirenso kufufuza pa ndalama zanu.