Keriyala ya aluminiyamu pa pikapu: ndipange muyezo wa chitsulo?

FUNSO: Ndimawotcherera zitsulo. Kasitomala akufuna keriyala ya aluminiyamu pa pikapu yake. Ndimapanga ndi paipi ya chitsulo ya makona anayi ya 40 x 40 x 2 mm. Kodi ndigule aluminiyamu wa muyezo womwewu? (Mmisiri, Lilongwe)

YANKHO: Ayi bambo, keriyalayo idzawerama mukasenzetsa katundu. Aluminiyamu ndi wopepukadi: kiyubiki sentimita imodzi imalemera magalamu 2.7, pamene ya chitsulo imalemera 7.85. Koma mphamvu yake yokana kupindika, imene amayeza m'ma GPa, ndi 69 GPa, ya chitsulo ndi pafupifupi 200 GPa. Pa muyezo wofanana ndi katundu wofanana, aluminiyamu amawerama katatu kuposa chitsulo, ngakhale mutagula mtundu wolimba kwambiri.

Kulitsani paipi. Ya 50 x 50 x 3 mm imawerama mofanana ndi ya chitsulo ija, koma mita imodzi imalemera makilogalamu 1.5, ya chitsulo 2.4. Gulani aluminiyamu wa mtundu wotchedwa 6061-T6. Wa mafelemu a mawindo nthawi zambiri ndi 6063, ndipo ndi wofooka kuposa 6061.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi powotcherera. Mphamvu ya 6061-T6 imachokera m'mene anamuphikira kufakitale, ndipo moto wa makina umaichotsa. Pa mtunda wa pafupifupi 25 mm mbali zonse za msoko wowotcherera, mphamvu yokana kuduka, imene amayeza m'ma MPa, imatsika kuchoka pafupifupi 300 MPa kufika cha m'ma 170. Kuonjezera apo, aluminiyamu amatopa ndi kugwedezeka: pa msewu wa mabampu kamng'alu kamayamba pa msoko n'kumakula pang'onopang'ono mpaka paipi kuthyoka. Choncho musaike msoko pakati pa mtanda wosenza katundu, ndipo m'makona ikanimo timapuleti tothandizira.

Wotchererani ndi makina a TIG a magetsi a AC kapena makina a MIG, gasi wa argon, waya wowotcherera wa nambala 4043 kapena 5356. Yambani mwakwecha ndi bulashi ya stainless imene sinakhudzepo chitsulo, kuti muchotse kakhungu ka pamwamba pa aluminiyamu, chifukwa kamasungunuka kupitirira 2,000°C pamene aluminiyamu mwiniwake amasungunuka pa 660°C. Safiira akatentha, ndiye musadikire kuona mtundu ukusintha, mudzangoona wabooka.

Pomangirira ku bodi ya galimoto ikani labala pakati. Aluminiyamu akakhudzana ndi chitsulo pamalo onyowa amadyeka. Mabawuti akhale a galvanised kapena stainless, okhala ndi mawashala a pulasitiki.