Musamusamutse sukulu, vuto lili pakhomo

Mayi wina wandilembera imelo kuti wapeza ndudu m'chikwama cha mwana wake wa zaka 15, ndipo akufunsa ngati amusamutse sukulu kuti atalikirane ndi anzake oipa. Kumapeto kwenikweni ndi komwe watchula mongodutsa kuti bambo a mwanayo amasuta.

Mayi, mawu omalizawo ndi amene andikhudza. Ine fodya sindinaphunzire kwa anzanga. Bambo anga ankasuta, ndipo wotumidwa ndinali ine: kukatenga paketi m'thumba la jekete, kubweretsa machesi, kukataya phulusa. Machesi akatha ankati ndikawayatsire kukhitchini, ndipo aliyense amadziwa kuti ndudu siyaka bwino osaikokako pang'ono. Achimwene anga ankasolola imodzi-imodzi m'paketimo, bambo osawerenga. Amayi ankalusa, amvekere, "Tsiku ndidzakupezeni mukusuta mudzandidziwa!" Koma ndi iwo omwe ankatsuka kambale ka phulusa n'kukabwezera patebulo. Mwana amve ziti pamenepo?

N'chifukwa chake nkhani ya "anzake oipa" imanditopetsa. Anzake alipodi, sindikana, koma makolo timaikonda chifukwa imatichotsera mlandu. Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya Nottingham anasonkhanitsa zofufuza zambiri, napeza kuti mpata woti mwana ayambe kusuta umakula pafupifupi katatu ngati makolo onse awiri amasuta, ndipo umaposa kawiri ngati mkulu wake kapena mlongo wake amasuta. Lipoti la 2012 la Surgeon General, dokotala wamkulu wa boma la America, linati mwa osuta 10 alionse, pafupifupi 9 anayamba asanapitirire zaka 18. Ubongo umakhala ukukulabe mpaka cha m'zaka 25, ndiye nikotini, mankhwala a m'fodya amene amabweretsa chibaba, amaugwira msanga. Munthu wa zaka 30 sadzuka n'kuyamba fodya. Makampani amadziwa bwino zimenezi.

Za vape, kandudu kamagetsi kaja, musandiyambitse n'komwe. Kamanunkhira ngati switi, sikasiya fungo pa malaya, kholo n'kumati mwana wanga ndi wabwino, chonsecho nikotini ndi yemweyo. Bungwe loona za umoyo la WHO limati ana pafupifupi 37 miliyoni a zaka 13 mpaka 15 amagwiritsa ntchito fodya padziko lonse, koma ife tikudalirabe kununkhiza zala.

Ndiye muchite chiyani?

Yambani ndi bambo ake, osati mwanayo. Ngati kusiya kwawakanika, asamasutire m'nyumba kapena m'galimoto, asamatume mwana chilichonse chokhudza fodya, paketi isamagone poyera. Kenaka mufunseni mnyamatayo modekha kuti amasuta zingati patsiku, komanso ngati amailakalaka akangodzuka. Akati inde, chibaba chamugwira kale, ndipo kukalipa sikuthandiza. Pitani naye kuchipatala. Bambo akewo apite nawo.